Bambo Obwereka

Atolankhani anatikonda chaka chimene tinkasowa ngakhale ya petulo. Chinali chaka cha 1996, ndipo magazini onse a nyimbo ankalumbira kuti kantri yathuyi ndiyo ilande dziko. Sindikunena kantri ya ku Nashville, ya zipewa zoyera ndi mano ong'anima. Yathu inali yosapesa, ya magitala okalipa ndi nyimbo za anthu ochotsedwa ntchito. Mawailesi a kantri ankati tikusokosa, mawailesi a roko ankati tikununkha khola. Ndiye kutiyamikira kunkachuluka pa mapepala, koma mu bala mukadzaza matebulo atatu tinkati lero kwacha bwino.

Bandi yathu inali Galatia Road, ya anthu atatu, ku Carbondale kummwera kwa Illinois. Ine Twila Ragsdale ndinkaimba gitala ya bezi ndi kupeka nyimbo. Ng'oma ankaimba Doyle Pickett, mdala wa imvi yemwe masana ankakonza mafiriji, munthu amene mabandi ambiri anamufera m'manja. Kutsogolo kunkaima Garrett Lindqvist, mwana wa dokotala wa mano wa kumpoto kwa Chicago, yemwe anabwera ku yunivesite kudzaphunzira za malonda n'kusochera. Ndimadana naye mpaka lero, koma bodza sindinena: mnyamata uja anali ndi mawu. Akatsegula pakamwa, ngakhale zidakwa zinkayamba zaika mabotolo pansi.

Nyimbo yathu yodziwika inali "Orval". Orval anali bambo anga. Analowa mu mgodi wa malasha ali mnyamata, fumbi linawadya mapapo, ndipo anamwalira ali khale pa mpando chifukwa akagona mpweya unkawathawa. Nyimboyo ndinaipeka pa tebulo la amayi maliro atangotha, ndipo ndime iliyonse inkayamba ndi mawu akuti "bambo anga". Mawu anga ndi a khwangwala, choncho ndinaipereka kwa Garrett kuti aziimba. Tinaijambula pa kachimbale kamene tinkagulitsa kumbuyo kwa kaminibasi kathu.

Kachimbaleko kanakafika m'manja mwa Colin Ashby, mtolankhani wa magazini ina yaikulu ya ku New York. Anabwera kudzationa atavala jombo za abusa a ng'ombe zongogula kumene, akuyenda motsimphina chifukwa zinkamuluma. Anakhala ndi Garrett masana onse m'kanyumba kogulitsa khofi, ine ndi Doyle tikunyamula katundu. Ine anandifunsa funso limodzi lokha, pakhomo, nditakumbatira sipika.

"Pepani chemwali, inu ndinu chibwenzi cha ndani mu bandimu?"

"Cha sipikayi," ndinatero. "Patukani ndingakupondeni."

Magazini ija itatuluka, Doyle anabwera nayo mu galaja yake mmene tinkaphunziramo nyimbo pakati pa mafiriji akufa. Anandipatsa osandiyang'ana, n'kukakhala kuseri kwa ng'oma zake. Panali chithunzi cha Garrett tsamba lonse, atatsamira sitima ya malasha, nkhope ili ndwii ngati munthu amene wavutikapo. Pansi pake analemba kuti mnyamatayu ndi mwana wa munthu wa mu mgodi, kuti anaona bambo ake Orval akutha ndi chifuwa, kuti nyimboyo anaipeka m'mbali mwa manda. Ine ananditchula kamodzi, kuti "mtsikana wa bezi". Dzina langa linali pa chikuto cha kachimbale, koma Colin analibe nthawi yowerenga zing'onozing'ono.

Ndinapsa mtima. Garrett analowa akuimba mluzu.

"Mwana wa Orval wafika," ndinatero. "Abambo ako ali bwanji kumandako?"

"Twila, tadekha kaye."

"Ndidekhe? Wandibera munthu wakufa iwe!"

"Sindinanene ine zimenezo. Colin uja anandifunsa ngati Orval analikodi, ndinati eya. Anafunsa anamwalira bwanji, ndinamuuza mmene unandiuzira iwe. Zinazo wangolumikiza yekha."

"Nanga dzina lako la Lindqvist sanadabwe nalo?"

Anakanda m'mutu. "Ndinati amayi anakwatiwanso."

"Amayi ako omwe aja ali ndi adokotala chikwatirire? Wawathetsera banja mu nyumba ya khofi?"

"Zinangotuluka pakamwa, aise. Munthu uja amandiyang'ana ngati akufuna kulira, ndiye ndikanatani? Ndinene kuti ayi bwana, ine ndinakulira pa kapeti, abambo anga amazula mano? Akanatseka kabuku kake n'kukalemba za bandi ina. Ukudziwa mmene alili anthu amenewa. Safuna nyimbo, amafuna chilonda."

"Ndiye unabwereka changa."

"Chathu. Ndife bandi imodzi."

Ndinatola chitsulo chomangira ng'oma kuti ndimugende nacho, koma Doyle anaimirira. "Tamuuza zinazo, mnyamata," anatero.

Zinazo zinali izi. Kampani ina yaikulu ya zimbale inali itatsegula kanthambi kosakira mabandi ngati yathu, poti nayo inkakhulupirira magazini. Mayi woyendetsa kanthambiko, Sloane Merritt, anawerenga nkhani ija n'kumuimbira Garrett. Sankafuna kutionera mu bala. Ankafuna kutiona kwathu, pakati pa anthu ake a Garrett, ndipo Colin abweranso ndi wojambula zithunzi. Garrett, poti anali atamvapo kwa ine kuti kwathu kumakhala tsiku lokumbukira anthu a mu mgodi, anali ataimbira kale akuluakulu a bungwe la ogwira ntchito mu mgodi. Anawauza kuti bandi ya mwana wa Orval Ragsdale ikufuna kudzaimba, iwo n'kuvomera ndi manja awiri, akuganiza za ine.

"Ungokhala chete mpaka tisaine," anatero Garrett. "Tikasaina ndidzakonza zonse, ndikulumbira. Ndidzauza dziko lonse."

"Za belu ukuzidziwa?"

"Belu lanji?"

Sankadziwa. Iye ankayesa ndi phwando la nyama yowotcha ndi magitala. Chaka chilichonse mu holo ya bungwe amawerenga mayina a onse amene mgodi unawatenga, kaya pansi pa nthaka kaya pa mpando ngati bambo anga. Dzina likatchulidwa, mwana wa munthuyo amanyamuka, n'kupita kutsogolo, n'kumenya belu kamodzi. Holo yonse imadikira mpaka kulira kwake kuzirale, kenaka amatchula lina. Belu la Orval ndinkamenya ndine chimwalirire.

Garrett atachoka, Doyle anandiperekeza kugalimoto. Mdala uja sankapempha kanthu kwa munthu, ndiye kumumva akupempha kunandiipira kuposa bodza la Garrett.

"Mwana wanga, ine ndinayamba kuimba ng'oma iwe usanabadwe. Kampani yaikulu sinandiyang'anepo ngakhale molakwitsa. Manja awa ayamba kuuma. Ichi chikadutsa, china kulibe."

"Ndiye mukuti ndiwapereke abambo anga, a Doyle?"

"Ndikuti chaka chino akamenye amayi ako. Alendowo aziti ndi amayi ake a Garrett kapena azakhali, kaya, zao izo. Iwe ungokhala pansi tsiku limodzi. Orval sakudya magazini kumene aliko."

Zoona zake, inenso kampaniyo ndinkaifuna. Ndinali nditatopa kugona m'kaminibasi konunkha masokosi, nditatopa kuona anzanga amene ndinaphunzira nawo akugula nyumba ine ndikusunga mapepala otiyamikira mu katoni.

Lamlungu ndinapita kwa amayi. Kwathu kulibe amawerenga magazini a ku New York, choncho nkhaniyo inali isanawapeze. Ndinawapeza akusankha nyemba, ndipo ndinazungulira nayo nkhani ngati galu wofuna pogona.

"Amayi, bwanji chaka chino mukamenye ndinu belu lija?"

"Iwe manja ako apita kuti?"

"Ndidzakhala ndi zoimbira, ndidzatanganidwa."

"Kutanganidwa kumenya belu kamodzi? Mwana akalipo amamenya ndi mwana. Mayi wamasiye amamenya ngati palibe wina. Ukufuna anthu aziti ine Verna mwana wanga anathera kuti?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Vuto n'chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tenga mbale, undithandize."

Tsikulo linafika ndisanaganize chochita. Tinafika m'mamawa kudzaika zoimbira pakona, ndipo Garrett atatsika m'kaminibasi ndinatseka maso. Anavala malaya a ntchito a pa kaunjika, buluku long'ambika pa bondo ndi jombo zimene anazikwecha dala pa miyala. Ku Carbondale ndi ku Chicago oimba onse a mtundu wathu ankavala choncho, ngakhale amene sanagwirepo fosholo. Koma anthu a mu mgodi pa tsiku lawoli amavala masuti. Azibambo okalamba ankalowa mu holo atamanga mataye, nsapato zopolisha, ena akukoka timabotolo ta mpweya pa timatayala. Mu holo monse munthu mmodzi yekha ndiye ankaoneka ngati wa mu mgodi, ndipo anali mwana wa dokotala wa mano.

A Lyle Hobgood, mlembi wa bungwe amene amawerenga mayina, anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Wachokera shifiti iti, mnyamata? Ife timayesa mgodi anatseka."

Azibambo amene anali pafupi anaseka mpaka kutsokomola. Garrett anasekanso nawo, makutu atafiira.

Alendo anafika mwambo uli pafupi kuyamba. Mayi Merritt anali wamtali, wovala zakuda, ndipo ankayang'ana chilichonse ngati akufunsa mtengo. Colin anali atasiya kutsimphina. Wojambula anayamba kujambula makoma, mbendera yakale ya bungwe, miphika ya nyemba ndi mafupa a nkhumba imene azimayi anandandalika kumbuyo, osapempha munthu.

"Amayi anu ali kuti, Garrett?" anafunsa Mayi Merritt.

"Sabwera kuno. Zimawapweteka."

Amayi anga anali cha pomwepo, mzere wachiwiri, atavala diresi lawo la buluu, akundikodola kuti ndikakhale nawo. Doyle anandikokera pa benchi ya kumbuyo pamene panakhala alendo, iye n'kukhala pakati pa ine ndi Garrett.

"Bwanji sakukupatsani moni anthuwa?" anafunsanso Mayi Merritt.

"Anthu akuno ali choncho," anayankha Colin, munthu amene anali m'dera lathu kachiwiri kokha. "Chikondi chawo chili mkati."

A Lyle anayamba kuwerenga. Dzina, munthu kunyamuka, belu, chete. Ena omenya anali agogo oyenda ndi ndodo amene bambo awo anatsalira pansi iwo ali makanda, ena anali ana asukulu. Ndinamva Colin akupuma mwamphamvu. Ananong'oneza wojambula kuti akonzeke, kenaka anatsamira kwa Garrett.

"Simunandiuze zimenezi! Nanunso mupita, eti?"

Garrett thukuta linali litamutuluka pakhosi. Ndinamuyang'ana ndikupemphera kuti akhale ndi kamanyazi ngakhale kochepa, adwale m'mimba, atuluke panja, achite chilichonse. Doyle anandigwira dzanja molimba ndi zala zake zouma zija.

"Orval Ragsdale."

Orval anali mmodzi yekha pa mayina onsewo. Colin anamugunda Garrett ndi chigongono, wojambula anakweza kamera, Mayi Merritt anatembenuka. Amayi anga nawo anatembenuka kundifunafuna. Ine ndinali ndikadali pansi, Doyle atandikanikiza. Ndipo Garrett ananyamuka.

Anayenda pakati pa mabenchi mutu uli pansi, jombo zake zokwecha zikulira pa matabwa. Mu holo manong'onong'o anayamba. A Lyle anagwira kanyundo komenyera belu osakapereka.

"Iwe ndiwe ndani wake wa Orval?"

"Mwana wawo," anatero Garrett motsitsa.

"Kweza mawu, makutu anga anatsalira pansi."

"Mwana wawo!"

Pamenepo ndinaona chimene sindinachiganizire masiku onse aja. Kwathu munthu sanganame pa belu, palibe amene anaganizako kuti zingatheke. Ndiye anthu sanati mnyamatayu ndi wabodza. Anamukhulupirira. Mitu yonse inatembenukira kwa amayi anga. Mayi wina kutsogolo kwanga ananong'oneza mnzake, koma mokweza ndithu: "Ii, Orval yemwe uja? Anali ndi wa kunjira? Nchifukwa chake ankakonda misonkhano ya ku Springfield." Amayi anga anangokhala chowongoka, chikwama chili pa miyendo, nkhope itayera.

Sindikumbuka mmene ndinachotsera dzanja langa kwa Doyle. Ndimangokumbuka ndili kutsogolo, nditamukankha Garrett pachifuwa mpaka anakagunda tebulo la maluwa.

"Choka apa, galu iwe! A Lyle, ndipatseni."

Anandipatsa. Ndinamenya belu lija mwamphamvu kuposa mmene limamenyedwera, ndipo ndinadikira mpaka litazirala, poti mwambo ndi mwambo. Kenaka ndinatembenukira anthu.

"Orval Ragsdale anali ndi mwana mmodzi, ndine ndaima panoyu. Sanayendepo kunjira. Uyu dzina lake ndi Garrett Lindqvist, abambo ake ali moyo, amazula mano ku Chicago, ndipo malasha anawaonera pa kanema. Nyimbo ya abambo anga ndinapeka ndine. Iye ananamiza bambo wa jombo ali kumbuyoyo, amene amalemba zinthu osafunsa, kuti agulitse zimbale kwa mayi wa zakudayo. Abwera kudzakujambulani mukulira."

Mu holo munabuka phokoso. Bambo wina wa botolo la mpweya anayesa kunyamuka kuti akamumenye Garrett ndi ndodo, ana ake n'kumukhazika pansi. Wina anaphimba kamera ndi chipewa. A Lyle anagogoda tebulo.

"Alendo atuluke. Mayina sanathe."

Anatuluka motsogozana, Garrett patsogolo, madzi a maluwa akudontha ku buluku lake. Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti Colin ankatuluka chafutambuyo, akulemba m'kabuku kake, nkhope ikuwala ngati mwana wapatsidwa switi. A Lyle anatchula dzina lotsatira, ndipo mtsikana wina ananyamuka kukamenya belu la agogo ake. Ine ndinakakhala pafupi ndi amayi. Anangosuntha chikwama kuti ndikwane.

Sitinaimbe tsiku limenelo. Nditatuluka ndinapeza Doyle akulongedza ng'oma zake yekha.

"A Doyle, munamva zimene amanena za amayi anga?"

"Ndinamva."

"Ndiye mukanakhala inu?"

"Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawa ndili ndi firiji ya kwa a Dunning." Anatseka chitseko cha kaminibasi. "Bezi yako ndaisiya pakhondepo."

Kuyambira tsiku limenelo tikakumana m'sitolo amayang'ana mashelefu.

Ine ndinkati ndamumaliza Garrett, ndipo kwa masabata angapo ndinkagona tulo tokoma. Kumeneko kunali kusawadziwa atolankhani. Nkhani yachiwiri ya Colin inali yaitali kuposa yoyamba, ndipo ulendo uno nkhope ya Garrett inali pachikuto penipeni. Anamujambula atakhala pa masitepe, atavala malaya oyera, maso ali ofiira. Anavomera zonse. Anati nyimboyo anaikonda mpaka analowamo, anati anali mwana wosungulumwa m'nyumba yaikulu, anati akupepesa kwa anthu onse ogwira ntchito ndi manja. Magazini ena anatola nkhaniyo n'kuyamba kukangana ngati woimba ayenera kukhala atavutikadi kuti aimbe za mavuto. Bandi yathu sinalembedwepo chonchi ili moyo. Ine ulendo uno anandikweza udindo, ndinali "mnzake wokwiya".

Mayi Merritt anandiimbira yekha, ndimupatse ulemu pa chimenecho.

"Twila, mumapeka bwino, ndipo zija zinali zoona zanu. Koma ndinene mosabisa. Mabandi a mtundu wanuwu akutamandidwa kwambiri, kugula anthu sakugula. Tayesa angapo, onse angotidyera ndalama. Garrett pano dzina lake likudziwika. Tikumutenga yekha, tipita naye ku Nashville."

"Mukutenga wabodza."

"Tikutenga mawu ndi nkhope. Ndipo tikufuna aimbenso 'Orval'."

"Nyimbo yanga? Muiwale."

"Sindikupempha, ndikungokudziwitsani. Nyimbo ikangotuluka pa chimbale, lamulo limalola aliyense kuijambulanso, bola wopeka alandire zake. Dzina lanu lidzakhalapo."

Ndinamutukwana mawu amene amayi sakudziwa kuti ndimawadziwa, koma anali atadula kale foni. Ndinapita kwa loya wina ku Marion, ndipo anandiuza zomwezo ndi mawu ataliatali.

Chaka chotsatira ndinali nditabwerera kwathu, ndikugwira ntchito m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Kanthambi kaja kanatsekedwa, mabandi osapesa aja anabwerera m'mabala a matebulo atatu, ndipo magazini anapeza nyimbo zina zoti zilande dziko. Amayi sanatchuleponso za tsiku la belu, ine ndinkati ndi njira yawo yondithokozera.

Tsiku lina m'mawa ndinkawaperekeza kuchipatala kukaonetsa mawondo. Wailesi ya m'galimoto inali pa siteshoni yawo ya kantri, yomwe ija inkati ife tikusokosa. Muulutsi anamaliza za mitengo ya chimanga, n'kunena kuti nayi nyimbo imene ikukwera sabata ino. Ndinaizindikira isanafike pa mawu, ngakhale anali ataidzoza mafuta: magitala okalipa anachotsamo, anaikamo mavayolini ndi atsikana oyankhira kumbuyo. Kenaka Garrett anatsegula pakamwa. "Bambo anga," anatero, ndi mawu ake aja.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse. Amayi anandimenya pa dzanjapo.

"Siya."

"Amayi, ndi wakuba uja ameneyu."

"Ndikumudziwa. Ndinalipo."

"Anakuchititsani manyazi pamaso pa anthu onse, inu mukufuna kumumvera?"

"Ndati siya."

Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu chifukwa maso anga sankaonanso bwino. Kunja kunali minda ya soya ndi milu yakale ya zotsalira za mgodi. Mu wailesi Garrett anafika pa ndime ya mpando, pamene bambo anga ankagona chokhala, ndipo anaiimba bwino. Zinandiwawa kuti anaiimba bwino.

"Ndinataya bandi chifukwa cha inu ndi abambo," ndinatero. "Ndinataya a Doyle. Zonse."

"Unachita bwino, ndipo sindinakutume." Amayi ankayang'ana kutsogolo. "Abambo ako anakhala pansi pa nthaka moyo wawo wonse. Kampani ya mgodi sinabwere pa maliro. Dzina lawo limatchulidwa kamodzi pa chaka, mu holo yodontha, kwa anthu amene nawonso akudikira kutchulidwa. Lero akuwatchula kuyambira kuno mpaka ku Texas. Dzulo mnzanga Fern Dunning anandiimbira, akuti mchemwali wake wa ku Oklahoma waimva."

"Dzulo? Ndiye munaimvapo kale?"

"Imabwera m'mawa uliwonse ikatha nkhani ya chimanga. Ukuganiza ndimakuuziranji kuti tinyamuke msanga?"

"Akuti 'bambo anga', amayi. Iyeyo. Dziko lonse likumva iyeyo akuti bambo anga."

"Akuti Orval. Ine ndikumva Orval." Anapukuta magalasi awo ndi mpango. "Takweza pang'ono, ikutha."

Ndinakweza. Amayi anatseka maso n'kuyamba kuimba nawo motsitsa, ndipo mawu onse ankawadziwa. Ankapuma pamene Garrett akupuma, ankakoka pamene iye akukoka, osati mmene ndinaipekera ine pa tebulo lawo.